Galimoto yozimitsira moto yosintha pakati pa ulendo mu Emergency!

Bambo wa ku Katoto

Ndikupatsani moni nonse. M'nyengo yozizira ino ndakhala ndikuonera madzulo aliwonse sewero lakale la pa kanema la ku America lotchedwa Emergency!, lomwe mwana wanga anandiikira pa kompyuta. Limakamba za ozimitsa moto awiri a ku Los Angeles, John Gage ndi Roy DeSoto, amene ntchito yawo ndi kuthamangira kwa anthu ovulala ndi kuyamba kuwathandiza asanafike kuchipatala. Pali zinthu ziwiri zimene zandisowetsa mtendere. M'gawo lina belu litalira, galimoto yaikulu yomwe inatuluka pa siteshoni inali ya denga, koma pamsewu ndinaona ina yopanda denga, anthu ali pamtetete, ndipo ndinabwereza katatu kuti nditsimikize kuti si maso anga. Chachiwiri, anyamatawa amagwira munthu wochucha magazi ndi manja opanda magolovesi. Kodi kumeneku kunali kusasamala kwa ojambula, kapena pali chifukwa chake?

Makaniko wa ku Luwinga

Bambo, maso anu sanakunamizeni, chifukwa magalimotowo analidi awiri. Sewerolo litayamba mu 1972, galimoto yaikuluyo, yotchedwa Engine 51, inali ya mtundu wa Crown Firecoach ya 1965, ndipo ndi imeneyo yopanda denga. Mu 1973 inalowedwa m'malo ndi Ward LaFrance yatsopano yotseka pamwamba. Kujambula galimoto yaikulu chotero ikuthamanga pakati pa magalimoto ena, sailini ikulira, kumadya ndalama ndi nthawi, choncho ojambula ankasunga zithunzi za pamsewu n'kumaziikanso m'magawo ambiri. Pamene chithunzi chakale chalowa m'gawo latsopano m'pamene mumaona galimoto ikusintha isanafike kumene ikupita.

Ine sindinganene kuti anali anthu osasamala. Amene ankayendetsa galimotoyo, Mike Stoker, anali wozimitsa moto weniweni ndipo anasewera ndi dzina lake lomwe, ndipo ife amene timagwira ziwongolero timaona momwe amaibwezera m'mbuyo polowa m'nyumba yake. Siteshoni imene mukuionayo ndi yeniyeninso, ili ku Carson, koma nambala yake ndi 127, osati 51. Chipatala chimene akuchitcha Rampart, kunja kwake anajambula pa Harbor General Hospital, yomwe lero imatchedwa Harbor-UCLA Medical Center.

Namwino wopuma wa ku Chibavi

Zikomo bambo chifukwa cha funsoli, koma za magolovesizo ndikupempheni kuti musaziike m'gulu limodzi ndi za galimoto, chifukwa pamenepo ojambula sanalakwitse. Magawo a sabata ndi sabata anatha mu 1977, pamene lamulo loti wogwira ntchito yachipatala azivala magolovesi nthawi zonse akamakhudza magazi a munthu aliyense linakhazikika m'zaka za m'ma 1980, Edzi itabwera. Kuno ku Malawi wodwala woyamba anapezeka mu 1985, ndipo ife amene tinayamba ntchito zisanatero tikukumbukira kuti magolovesi anali a kuchipinda cha opaleshoni ndi kochirira amayi, pamene bala la munthu wa ngozi tinkalipanikiza ndi thonje m'manja mwathu basi, kenako n'kukasamba ndi sopo.

Chimene ine chimandigwira mtima ndi kabokosi kofiirira kamene amatsegula akangogwada pambali pa wodwala, kotchedwa Biophone. Ndi wailesi yolankhulirana ndi chipatala, yomwe inkatumizanso kugunda kwa mtima wa wodwalayo kuti dokotala akuone ali kutali. Ena amadabwa kuti n'chifukwa chiyani anyamata odziwa ntchito chotero amayamba apempha chilolezo asanaike diripi, n'kumayesa kuti olemba ankangofuna kutalikitsa nkhani. Ayi, lamulo ndi limene linkafuna zimenezo. Ntchitoyi inali yatsopano, inaloledwa ku California mu 1970 pamene Ronald Reagan, ali bwanamkubwa, anasaina lamulo lake, ndipo mankhwala ankaperekedwa pokhapokha chipatala chitalamula.

Ndikamaonera ndimakumbukira usiku wina wa mvula pamene tinalandira mnyamata wa ngozi ya pamsewu wa ku Chikangawa, atamugoneka kumbuyo kwa matola pamwamba pa matumba a chimanga, mwendo atamanga ndi chitenje cha mayi wina wachifundo. Anthuwo anachita zonse zimene akanatha, koma panalibe woti amuike diripi panjira, ndipo magazi amene anataya pa ulendowo ndi amene anatipatsa ntchito yaikulu kuposa bala lenilenilo.

Mphunzitsi wa ku Chiputula

Mayi mwafotokoza bwino, ndipo ndingowonjezera pa lamulo mwatchulalo. Dzina lake ndi Wedworth-Townsend, koma mutu wa gawo loyamba, lomwe linaonetsedwa pa 15 January 1972, unalembedwa kuti Wedsworth, chilembo chimodzi chitawonjezeka. Cholakwika chimene ine ndimachiona chachikulu ndi china. Jack Webb, amene anali mwini wa sewerolo, analinso ndi lina la apolisi lotchedwa Adam-12, ndipo apolisi ake awiri amaoneka m'gawo loyambalo ngati anthu enieni a mumzinda womwewo. Koma m'gawo lina lotsatira ozimitsa moto akhala pa siteshoni n'kumaonera Adam-12 pa kanema, zomwe sizingatheke ngati apolisiwo ndi anzawo a pantchito. Apa a ku Luwinga andikhululukire, sipanafunike ndalama kuti akonze, panangofunika wina wokumbukira zimene zinalembedwa kale. Mwina mungakondenso kudziwa kuti Julie London, amene anasewera namwino Dixie McCall, anali mkazi wakale wa Jack Webb, ndipo Bobby Troup, amene ndi Dokotala Joe Early, anali mwamuna wa Julie pa nthawiyo.

Bambo wa ku Katoto

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Gawo la apolisilo ndikaliyang'ana usiku uno magetsi akakhalapo. Mayi a ku Chibavi, pali mawu amene dokotala amabwerezabwereza pa wailesi, akuti D5W ndi Ringer's, ndipo ndingakondwe mutandiuza kusiyana kwa madiripi awiriwa, komanso umene mukanamuika mnyamata wa ku Chikangawa uja mukanakhala kuti munali naye pa matolapo.