Polo ya turbo kuno ku Joni: ndizithira 93 kapena 95?

Wa_ku_Ntcheu

Moni nonse akuluakulu. Ndimakhala ku Kempton Park ndipo ndangogula kumene Polo 1.0 TSI yogwiritsidwapo kale ntchito, ya masilinda atatu ija. Kuno ku Gauteng petulo alipo wa mitundu iwiri, 93 ndi 95. Anzanga a kuntchito onse amathira 93. Akuti kuno ndi kumtunda, 95 ndi wa anthu a kunyanja monga ku Durban ndi ku Cape Town, ndiye kumuthira kuno n'kungotaya ndalama. Koma kuseri kwa kachitseko ka thanki alembapo 95 RON, kutanthauza petulo wa nambala 95. Ndimvere ndani? Galimotoyi ndaivutikira, sindikufuna kuipha ndi manja anga, komanso ndalama zanga n'zowerengeka. Funso lina: mu December ndikufuna kupita nayo kumudzi kudzera ku Beitbridge, Harare mpaka ku Tete. Kodi petulo wa m'njiramo ndi wa kwathu sadzaivulaza?

Makaniko_wa_ku_Germiston

Achimwene, thirani 95. Anzanuwo sakunama, koma akukamba za galimoto zosiyana ndi yanu.

Nambala imeneyi, yomwe imatchedwa octane, sikutanthauza kuti petuloyo ali ndi mphamvu zambiri. Imangonena kuti angapirire kupanikizidwa ndi kutentha mpaka pati asanaphulike yekha. M'silinda pulagi ndiye imayatsa, moto n'kufalikira mwadongosolo. Koma mukatentha kwambiri, mafuta omwe motowo sunawafikire amaphulika okha mwadzidzidzi n'kumenya pistoni. Mumamva kaphokoso ngati timiyala m'chitini, makamaka pokwera mtunda muli pa giya yayikulu. Zikapitirira, pistoni ndi maring'i zimawonongeka.

Tsono nkhani ya kumtunda ili apa. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere. Mpweya ndi wopepuka, choncho injini yopanda turbo imakoka mpweya wochepa ndipo m'silinda simupanikizika kwambiri. N'chifukwa chake 93 amagulitsidwa kumtunda kuno, ndipo Corolla kapena bakkie yapetulo ya anzanuwo imayenda naye bwinobwino. Koma ntchito ya turbo ndi yokankhira mpweya m'silinda mokakamiza. Mpweya ukapepuka, iyo imangozungulira kwambiri kuti ikwaniritse mlingo womwe kompyuta ikufuna, ndipo mpweya wopanikizidwa choncho umatenthanso. Mwayi umene anzanu amaupeza chifukwa cha mtunda, inu mumangoulawa pang'ono chabe.

Mukathira 93 injini siifa lero. Ili ndi knock sensor yomwe imamva kugogodako, kompyuta n'kuchedwetsa moto wa pulagi. Injini yatetezeka, inde, koma mphamvu yatsika, utsi ukutuluka wotentha kwambiri, ndipo inu mukuponda kwambiri kuti iyende monga kale. Kandalama kamene munapulumutsa pa pampu kamatha kuthera pomwepo. Zimandiwawa ndikaona mnyamata wasunga ndalama zaka zambiri kuti agule galimoto, kenako n'kumaumira pa kusiyana kochepa chonchi pa lita.

Mayi_a_Chisomo_Leeds

Ndikugwirizana ndi a makaniko, koma ndiwonjezere mbali ina kuti ena asamve molakwa. Kuno ku UK petulo wamba ndi 95, amene kuyambira 2021 ndi E10 (wosakaniza ndi ethanol wosapitirira magawo 10 pa 100), ndiye palinso wodula wa 97 mpaka 99. Yanga ndi ya turbo yaing'ono ndipo buku lake limanena 95. Ndinayesapo wodulayo kwa kanthawi, kayendedwe kake sikanasinthe mpaka ine kuzindikira. Injini ikapeza nambala yomwe anaipangira, yowonjezerayo kawirikawiri imangopita pachabe. Zimasiyana ndi galimoto zamphamvu zomwe buku limati 98 ndiye woyenera koma 95 n'ngololedwa. Zimenezo zimapinduladi ndi wodula.

Chenjeraninso mukamaonera makanema a anthu a ku America pa YouTube. Iwo amawerengera mwina. 91 wawo ali pafupi ndi 95 wathu, ndipo 93 wawo ali cha ku 98. Munthu akamva akuti 93 ndi wapamwamba angaganize kuti akunena 93 wa ku Joni, pomwe ayi.

Wa_ku_Ntcheu

Zikomo kwambiri bambo makaniko, zikomonso mayi. Za turbo ndi mtundazo palibe anandifotokozerapo. Nanga m'thanki muli kale theka la 93, ndipope? Ndipo za ulendo wa kumudzi uja?

Makaniko_wa_ku_Germiston

Musapope. Dzazani 95 pamwamba pake, akasakanikirana nambala imakhala pakatikati, ulendo wotsatira mudzathirenso 95 basi.

Chilomoni_Forester

Za kumudzi ndiyankhe ndine, ndili ku Blantyre konkuno. Kuno pa filing'i sitesheni petulo ndi mmodzi, palibe zosankha. Ine ndimayendetsa Subaru Forester ya turbo yochokera ku Japan, ndipo kumeneko inapangidwira petulo wawo wapamwamba yemwe amafika pafupifupi 100, pomwe wamba wawo ali cha ku 90. Ambiri timaitanitsa galimoto tikungoona chithunzi ndi mtengo, osafunsa kuti imamwa wotani.

Chimatithandizako n'chakuti petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wa nzimbe, wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Dziko lathu linayamba zimenezi mu 1982. Ethanol amakweza octane, ngakhale kuti mphamvu zake pa lita n'zochepa poyerekeza ndi petulo, ndiye thanki imatha msangako pang'ono.

Chimene ndingakuuzeni, achimwene, n'choti kayendetsedwe kanu ndi kamene kadzaisunge. Ku Tete mu December kumatentha koopsa, ndipo mudzakhala mutadzaza katundu wa abale. Kutentha, kulemera ndi mtunda zikakumana, m'pamene kugogoda kumayamba. Mukamakwera kuchokera ku Moatize kupita ku Zobue ndi Mwanza, musaikakamize pa giya yayikulu injini ikuzungulira pang'onopang'ono. Tsitsani giya, iziyenda momasuka. Tiinjini ting'onoting'ono ta turbo timadana kwambiri ndi kupondedwa mpaka pansi pa liwiro lotsika. Musananyamuke sinthani oyilo, muthire amene buku likunena, muonetsetse mapulagi, ndipo mutsuke matope ndi tizilombo pa maradiyeta akutsogolo kuti mpweya wa turbo uzizizira.

Ndipo chonde, wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu mupeweni ngakhale mafuta atasowa. Ena amathiramo palafini, ndipo palafini amagwetsa octane kwambiri. Dzazani 95 ku Musina musanawoloke malire, kenako muzithira pa masitesheni odziwika okha, osadikira kuti thanki ifike pansi.

Mayi_a_Chisomo_Leeds

Nanga timabotolo ta octane booster tija, sangatenge tingapo pa ulendowu?

Makaniko_wa_ku_Germiston

Angatenge, mayi, koma asadalire. Tambiri tikalemba kuti timakweza ndi mapointi atatu, timatanthauza 0.3, osati kuchoka pa 93 kufika pa 96. Tina tili ndi manganese yemwe amasiya zofiirira pa mapulagi ndipo amatha kuwononga catalytic converter, chida choyeretsa utsi cha mu ekizozi, mukamathira kawirikawiri. Ndalama imeneyo achimwenewa aiike ku oyilo wabwino ndi mapulagi atsopano asananyamuke.