Grant ya boma pa kachipangizo koyeza chuku mu mtedza: tiyambire pati?

Kondwani_Area25

Moni nonse muno. Ndabwera ndi funso lomwe landisowetsa tulo sabata ziwiri tsopano.

Tilipo anyamata atatu, tonse tinaphunzira zamagetsi. Kwa zaka ziwiri takhala tikupanga kachipangizo koyeza chuku mu mtedza. Kamawalitsa pa mtedza wosenda, kasensa n'kuwerenga mmene kuwalako kwabwerera, kenako kamakuuza ngati mtedzawo ukukayikitsa. Amene munafikapo pa msika wa Mgona kuno ku Lilongwe nthawi yokolola mukudziwa mmene malonda amayendera. Matumba ali mbwee, wogula amangopisa dzanja, kuluma njere imodzi, basi mtengo wamveka. Komatu chuku sikuti nthawi zonse chimaoneka ndi maso, ndipo mtedza wopita ku Ulaya kuti anthu akadye saulola poizoni wochokera ku chuku akapitirira 4 ppb (magawo anayi pa biliyoni). Kuti udziwe zenizeni mpaka ku labu, pomwe venda sangadikire masiku ndi katundu ali panja.

Kachipangizoka kadakali pa tebulo m'galaja ya amalume, mawaya ali pamtunda, bokosi lake ndi kontena ya pulasitiki yomwe tinaboola ndi msomali wamoto. Mafomu awiri a grant omwe ndaona akufunsa ndalama zomwe tinapeza chaka chatha, makasitomala athu ndi angati, komanso ndalama zomwe ifeyo tiikepo. Sitinagulitseko ngakhale kamodzi, ndipo kunena zoona sitingagulitse chinthu chokhudza thanzi la anthu tisanatsimikize kuti sichinama. Kodi ilipo njira ya anthu ngati ife? Amene munapemphapo ku NCST, bungwe la boma loona za sayansi ndi luso, kapena kwina, tiunikireni chonde.

Nachisale

Achimwene, ntchito yanu ndi yabwino, kungoti mwagogoda pakhomo losayenera. Pali ndalama zokuzira bizinesi, monga za Growth Accelerator ya UNDP, zomwe zimafuna munthu woti akugulitsa kale ndipo aikepo gawo lake. Pali ndalama za kafukufuku, ndipo inu muli kumeneko. NCST, yomwe inakhazikitsidwa potsatira lamulo la sayansi ndi luso la 2003, ili ku Lingadzi House ku City Centre konkuno, mutha kungopita kukafunsa. Koma ndalama za kafukufuku kawirikawiri zimadzera kwa munthu wa kuyunivesite kapena kumalo a kafukufuku. Ndiye pezani mphunzitsi ku Bunda, kaya wasayansi ku Chitedze komwe a bungwe la kafukufuku wa mbewu la ICRISAT agwira ntchito ya mtedza kwa zaka zambiri, mulembe limodzi.

Ine ndimaphunzitsa, ndipo ndawerengapo ma proposal ambiri. Ambiri amagwa chifukwa cholonjeza kuthetsa chuku m'dziko lonse ndi ndalama za chaka chimodzi. Owunika amakonda muyeso wa TRL, woonetsa pomwe luso lafika, woyambira 1 kufika 9. Pa 1 ndi ganizo chabe, pa 9 chinthu chili pamsika. Mmene mwafotokozeramu muli pa 3 kapena 4. Nenani zimenezo poyera, kenako pemphani ndalama zokwerera sitepe imodzi: titenga masampulo mwakuti ku Mchinji ndi pa Mgona, tiyeza ndi kachipangizo kathu, omwewo tiyezetsanso ku labu, tione kuti zafanana kangati. Makamaka onetsani kuti ndi kangati kamanena kuti mtedza uli bwino pomwe uli ndi chuku, chifukwa cholakwa chimenecho ndi chomwe chingadwalitse mwana wodya phala la nsinjiro. Pamalo pa makasitomala ikanipo makalata a cooperative kapena ogula mtedza onena kuti alola kuyesera pa katundu wawo.

Bambo_a_Tadala

Zomwe anena mayiwa ndi zoona. Ine ndiwonjezere za mapepala ndi bajeti, poti ndi pomwe ndinapsa.

Musadikire kuti alengeze kaye. Satifiketi ya kampani, TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ndi tax clearance (kalata yoti mulibe ngongole ya msonkho) ku MRA, akaunti ya kubanki ya dzina la kampani, zonsezi zikhale m'faelo lero. Nthawi yolembera imakhala yochepa, simungathamangire zonse pamodzi.

Ifeyo tinapeza grant mu 2023 ya makina oumitsira mbewu. Tinasaina bajeti ya makwacha, ndiye mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Zida zathu zonse zinali zoitanitsa kunja, zolipira madola. Otipatsa ndalamawo anati mgwirizano ndi mgwirizano, palibe kuwonjezera. Makina omwe tinalonjeza anayi tinapanga awiri, ndipo ndinagulitsa njinga yamoto kuti achiwiriwo athe. Mpaka lero zimandiwawa. Masensa anuwo lembani mtengo wake m'madola, ikanipo ya msonkho ndi yotumizira, komanso miyezi yodikira forex kubanki. Dziwaninso kuti ndalama zimabwera m'zigawo. Chigawo chachiwiri sichituluka musanapereke malisiti a choyamba, ngakhale lisiti ya minibasi yopita ku Mchinji isungeni.

Mphatso_K

Chimodzi chokha akulu. Musalembe mu proposal mmene kasensa kanu kamawerengera mwatsatanetsatane musanaganize za patent, chiphaso choteteza luso lanu kuti ena asalibere, chifukwa chinthu chikaululika poyera kuchiteteza kumavuta. Malawi ili mu ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa lolembetsa ma patent, ofesi yake ili ku Harare. Ndipo mukagwirizana ndi yunivesite, lemberanani pasadakhale kuti luso lomwe mwabwera nalo ndi la ndani, lomwe mupeze limodzi mugawana bwanji.

Kondwani_Area25

Zikomo kwambiri nonse. Mayi Nachisale, funso lanu la kangati kamaphonya landigwira, chifukwa tinangoyesa masampulo 40 ndipo palibe ngakhale imodzi yomwe inapita ku labu. Tinkangoyerekeza ndi mtedza wooneka wowola. Tax clearance tilibenso. Lolemba ndiyamba ndi MRA, Lachitatu ndikwera ya ku Bunda ndi kachipangizoka m'chikwama. Kodi ndikafika ndiyambire ku dipatimenti ya zakudya kapena ya zaulimi wa mbewu?