Kodi mndandanda wa omenya mu UFC amaulemba ndani, nanga wolakwa amamulanga ndani?

Nambewe: Abale okonda MMA (masewera omenyana osakaniza nkhonya, mateche ndi kugwetsana), ndithandizeni kumvetsa zinthu ziwiri. Sabata iliyonse mpikisano ukatha, UFC, kampani yaikulu yokonza ndewu za MMA, imatulutsa mndandanda wa omenya 15 apamwamba pa sikelo iliyonse, koma ikafika nthawi yolimbirana lamba, amene ali pa nambala 1 nthawi zina amadumphidwa. Kodi mndandandawu amaulemba ndani, ndipo ntchito yake ndi yotani? Chachiwiri, womenya akapezeka ndi mankhwala oletsedwa kapena akachita chipolowe, chilango chimachokera ku kampani kapena ku boma?

Kalua: Mayi Nambewe, mndandandawu unayamba mu February 2013, ndipo amene amaponya mavoti ndi atolankhani omwe kampani inawavomereza. Ngwazi imene ili ndi lamba siwerengedwa pa 15 aja, imakhala pamwamba payokha. Chofunika kudziwa n'chakuti palibe lamulo lokakamiza UFC kutsatira mndandandawo posankha wolimbirana lamba. Amene amalumikiza ndewu ndi Sean Shelby ndi Mick Maynard, pamodzi ndi akuluakulu a kampaniyi, Dana White ndi Hunter Campbell, ndipo iwo amayang'ananso dzina limene lingakope owonera ambiri. Georges St-Pierre anakhala zaka zinayi osamenya, koma atabwerera mu November 2017 anapatsidwa mwayi wolanda lamba wa sikelo ya middleweight kwa Michael Bisping nthawi yomweyo, pa sikelo imene anali asanamenyepo. Michael Chandler naye anapambana ndewu imodzi yokha mu UFC, ndipo yachiwiri inali yolimbirana lamba ndi Charles Oliveira mu May 2021. Komanso amene wachoka pa kampani amafufutidwa, ngakhale akhale wosagonjetseka chotani. Francis Ngannou anachoka mu January 2023 ali ngwazi ya heavyweight atalephera kugwirizana pa kontirakiti, ndipo lamba ndi dzina lake pa mndandanda zinatsala m'manja mwa kampani.

Chisale: A Kalua ayankha bwino za mndandanda, ine ndiyankhe za chilango, chifukwa pamenepa pali zipata ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Choyamba ndi bungwe la boma la dera limene ndewu ikuchitikira, monga Nevada State Athletic Commission ku Las Vegas. Ilo ndi limene limapereka chiphaso chomenyera, kusankha oimbira ndi oweruza, komanso lingagwire malipiro a womenya. Khabib Nurmagomedov atalumpha khola lomenyeramo pa mpikisano wa UFC 229 mu October 2018 n'kukamenyana ndi anthu a Conor McGregor, amene anali atangomugonjetsa, bungwe la Nevada linamulipiritsa chindapusa cha madola 500,000 ndi kumuimitsa miyezi 9, pamene McGregor analipira madola 50,000 ndi kuimitsidwa miyezi 6. Mabungwe amenewa nawonso amatha kupyola muyeso. Mu 2015 Nevada inaimitsa Nick Diaz zaka zisanu chifukwa cha chamba, anthu anadandaula kwambiri, ndipo chilangocho chinatsitsidwa kufika pa miyezi 18.

Chipata chachiwiri ndi cha kampani. Kuyambira mu July 2015 mpaka kumapeto kwa 2023, UFC inkalipira bungwe la ku America loyeza mankhwala oletsedwa la USADA kuti liziyeza omenya chaka chonse mosawachenjeza, kunyumba ngakhale kumalo ophunzirira. T.J. Dillashaw anapezeka ndi mankhwala oletsedwa ochulukitsa magazi otchedwa EPO mu 2019, anatula lamba wa bantamweight ndipo anaimitsidwa zaka ziwiri. Kuyambira mu 2024 mkodzo ndi magazi amatenga ndi a Drug Free Sport International, ndipo zilango amagamula ndi a Combat Sports Anti-Doping. Omalizawa ndi amene anaimitsa McGregor miyezi 18 chifukwa chosapezeka katatu mu 2024 pamene oyeza anamufuna.

Gondwe: Ndikuvomereza zimene anzangawa afotokoza, koma ndikuona kuti zipata ziwirizi sizilingana mphamvu monga zikumvekera. Taonani nkhani ya Jon Jones. Anagonjetsa Daniel Cormier mu July 2017, kenaka anapezeka ndi mankhwala oletsedwa okulitsa minofu otchedwa turinabol, chipambanocho chinafafanizidwa, ndipo anaimitsidwa miyezi 15. Mu December 2018, patatsala masiku ochepa kuti amenyane ndi Alexander Gustafsson, zotsalira za mankhwala omwewo zinaonekanso m'thupi mwake, ndipo Nevada sinafulumire kumupatsa chiphaso. UFC inangonyamula mpikisano wonse wa UFC 232 kuchoka ku Las Vegas kupita ku Inglewood ku California, anthu atagula kale matikiti ndi kulipira malo ogona. Ngati kampani ingasankhe dera lokamenyera, ndiye kuti yasankhanso bungwe loiyang'anira, ndipo m'maiko ena opanda bungwe lotere imadziyang'anira yokha.

Mu nkhonya muli lamulo la Muhammad Ali Boxing Reform Act la 2000, lomwe limalekanitsa wokonza mpikisano ndi manijala wa womenya, ndipo limafuna kuti mabungwe a malamba azifotokoza chifukwa chimene asinthira malo a munthu pa mndandanda. Lamulo limeneli silikhudza MMA. Choncho mu UFC mwini kontirakiti, mwini lamba, wovomereza atolankhani ovota ndi wolipira oyeza mankhwala ndi mmodzi yemweyo.

Nambewe: Zikomo nonse. A Gondwe, ndiye womenya akaona kuti wadumphidwa mopanda chilungamo, angakadandaule kuti?

Gondwe: Pa za mndandanda palibe kokadandaula, Mayi, kupatula pa maikolofoni ndewu ikangotha, n'chifukwa chake mumawamva akutchula dzina la ngwazi asanapukute n'komwe magazi. Njira ina ndi khoti. Omenya akale, kuphatikizapo Cung Le, anasumira kampaniyi mu 2014 ponena kuti imapondereza msika ndi malipiro, ndipo mlanduwo unatha mu 2025 kampani itavomera kupereka madola 375 miliyoni, koma kasankhidwe ka olimbirana lamba sikanasinthe.