Kodi Chilankhulo Chimayamba Mwana Asanalankhule?

Nachisale: Akuluakulu, n'chifukwa chiyani akatswiri amanena kuti mwana amayamba kuphunzira chilankhulo asanatchule liwu ngakhale limodzi?

Phiri: Mayi, katswiri wina, Michael Tomasello, yemwe anafufuza nkhaniyi mumzinda wa Leipzig ku Germany, amafotokoza kuti khanda likafika miyezi pafupifupi 9 limayamba kutsatira kumene kholo likuyang'ana. Kholo likatchula nkhuku onse awiri maso ali pa nkhukuyo, mwanayo amagwirizanitsa liwulo ndi chimene akuonacho.

Banda: Ndiwonjezere kuti achimpanzi osungidwa ndi anthu amaloza akafuna chakudya, pomwe mwana wa chaka chimodzi amaloza ndege kumwamba n'kukucheukirani, pofuna kuti inunso muione basi.

Nangondo: Komatu bambo, ana osaona amaphunziranso kulankhula, choncho nkhaniyi si ya maso okha, chifukwa kukhudza chinthu limodzi ndi kholo kumagwiranso ntchito yomweyo.