Fayiba ikaduka, rauta imachedwa kusintha njira

Wa ku Matundo: Akuluakulu, rauta yathu ya Linux yokhala ndi FRR (pulogalamu yosankha njira za data) imalandira tebulo lonse la njira za intaneti kudzera pa BGP (ndondomeko imene marauta amauzirana njira) kuchokera mbali ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Zóbuè. Fayiba ya ku Beira ikaduka, makasitomala amakhala opanda intaneti pafupifupi mphindi zitatu, kenako zebra, gawo la FRR lolemba njira mu kernel (mtima wa Linux), imadya CPU yonse. Kernel ndi 4.19.

Wa ku Moatize: Achimwene, mphindi zitatuzo ndi hold timer ya masekondi 180, nthawi imene BGP imadikira isanaone kuti mbali inayo yafa, musaimbe mlandu tebulo. Fayiba ikadukira kutali, port yanu imayakabe, ndiye BGP imangodikira. Ikani BFD, yotumiza timauthenga pafupipafupi kuona ngati mbali inayo ili moyo, mamilisekondi 300 kuchulukitsa katatu, ndipo muziona vuto sekondi isanathe. Koma mbali inayo iyenera kuvomera kuiyatsanso.

Wa ku Ulongwe: BFD ithandiza pozindikira pokha. Njira za IPv4 zaposa 900,000, ndipo pa 4.19 iliyonse imalembedwa mu tebulo la kernel pamodzi ndi gateway yake (rauta yotsatira imene data imapitako). Zebra imazilembanso imodziimodzi, zonse zikupanikizana pa RTNL lock, loko ya kernel yolola kusintha kumodzi pa nthawi. Kwezani kernel. Nexthop objects zinabwera mu 5.3: gateway imasungidwa payokha ndi nambala yake, njira zimangoloza nambalayo, monga `ip route add 203.0.113.0/24 nhid 10`, ndipo gateway ikafa mumasintha chinthu chimodzi. Pa 5.8 kupita m'tsogolo ikani net.ipv4.nexthop_compat_mode=0, apo ayi kernel imalengezabe njira iliyonse payokha ndipo phindu limachepa.

Wa ku Moatize: Pang'ono akulu. Izi zimathandiza njira zimene zili m'gulu la gateway ziwiri. Njira imene BGP inaisankhira Beira yokha iyenerabe kulembedwanso.

Mayi a ku Furancungo: N'chifukwa chake ndikufunsa: tebulo lonselo n'lachiyani pa ma link awiri? Landirani default (njira imodzi yopita kulikonse) mbali zonse, kuwonjezera njira za Mozambique ndi Malawi zokha posefa ndi prefix-list (mndandanda wa maadiresi) kapena as-path (ma network amene njira yadutsamo). Tebulo likachepa, kulembanso sikutenga nthawi. Ma default awiriwo akhale gulu limodzi la ECMP (kugawa data pa njira zofanana), ndi fib_multipath_hash_policy=1 kuti kugawa kuzitengeranso manambala a port a TCP ndi UDP.

Wa ku Matundo: Nanga IPv6, mayi? Nthawi zina imati "Network is unreachable".

Mayi a ku Furancungo: Onani net.ipv6.route.max_size. Pa kernel zakale imayambira pa 4096, kwezani. Yesani usiku: tsekani port, muwerenge ma ping otayika.