Sampu ya Fairlady Z ikudontha oyilo, gasiketi yake ndisinthe bwanji?

Z33_Area49

Moni akuluakulu. Galimoto ndi Nissan Fairlady Z ya 2004, ija ya Z33, injini VQ35DE. Ikagona usiku, m'mawa pansi pamapezeka madontho a oyilo, ndipo m'mphepete mwa sampu yachitsulo mwanyowa, makamaka chakutsogolo. Pa dipstick oyilo akutsika pang'onopang'ono, koma utsi ku ekizozi kulibe. Kumashopu a ku Malangalanga ena akuti gasiketi ya sampu imeneyi kulibe, ena akufuna kundigulitsa pepala la gasiketi loti ndikadule ndekha. Zoona ndi ziti? Nanga ntchitoyi ingatheke pakhomo, kapena mpaka kukweza injini? Ndithandizeni ndondomeko yake ndi mphamvu yomangira mabawuti.

Makanika_Biwi

Achimwene, musamasule kaye kalikonse. Sampu ndiye malo otsikitsitsa pa injini, choncho oyilo wochokera kulikonse amatsetsereka n'kukathera m'mphepete mwake, ndipo mphepo galimoto ikamathamanga imamumwazanso chakumbuyo. Anthu ambiri amamata sampu yabwinobwino, mawa lake madontho ali pomwepo.

Pa VQ35DE choyamba kuchikayikira ndi O-ring (kamphira kozungulira kotseka oyilo) wa oil cooler. Kachipangizo koziziritsira oyiloka kali pomwe pamamangidwa fyuluta ya oyilo, ndipo mphira wake akakalamba amauma n'kuphwatalala, oyilo n'kumatsikira pa sampu chakutsogolo, ndendende pomwe mukunenapo. Kenako onani ma valve cover, zivundikiro za pamwamba pa injini, omwe pa injiniyi ndi apulasitiki, seal ya crankshaft kuseri kwa pulley yayikulu, sensa ya oil pressure, ndi washa ya pulagi yotsitsira oyilo.

Chotsani chipulasitiki chapansi pa injini, mutsuke paliponse ndi degreaser. Fumbi lathu la kuno likasakanikirana ndi oyilo limapanga chimatope chomwe chimabisa njira ya oyiloyo, ndiye tsukani mpaka chitsulo chioneke. Pakauma wazani pawuda wa ana m'mphepete mwa sampu, pa oil cooler ndi pansi pa pulley. Yendetsani galimoto mphindi 15 kapena 20, muikweze, muunike ndi tochi kuyambira kumwamba kutsika. Malo okwera kwambiri amene pawuda wada ndiye gwero.

Za gasiketi, oyamba aja akunena zoona. Nissan sanaikepo gasiketi ya pepala kapena ya mphira pa sampu yachitsuloyo, anamata ndi silikoni wa injini. Pepala lodula nokha lisiyeni, limafinyika ndi kutentha, mabawuti n'kukhwefuka.

WaKanengo_VQ

Zomwe anena a Makanika ndi zoona. Mukatsimikiza kuti ndi sampu, dziwani kuti injiniyi ili ndi masampu awiri. Yam'mwamba ndi ya aluminiyamu, yomangidwa ku block. Yam'munsi ndi kaja kachitsulo kakuda kokhala ndi pulagi. Yam'munsiyo imatsika popanda kukweza injini, ndipo pakhomo zimatheka.

Mufunika sipanala ya soketi ya 10 ya mabawuti a sampu, ya 14 ya pulagi, torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti) yaying'ono yowerenga pansi pa 10 Nm, chopalira chapulasitiki, brake cleaner zitini ziwiri, nsanza zosasiya ulusi, washa yatsopano yakopa, fyuluta, oyilo wa 5W-30 malita 5, ndi chubu chimodzi cha silikoni wotuwa wa injini. Wa Nissan yemwe, ThreeBond kapena Permatex Ultra Grey onse ndi abwino. Silikoni wa kuhadiweya womatira mawindo ndi mabafa, uja wonunkha viniga, sapirira oyilo wotentha.

Galimotoyi ndi yotsika kwambiri, jeke wamba salowa. Ikwezeni kaye pamatabwa, kenako jeke, kenako masitandi awiri pa simenti yolimba, matayala akumbuyo mutatsekera. Osalowa pansi galimoto ili pa jeke yekha kapena pa njerwa.

Tsitsani oyilo injini ili yofunda, musiye akhe kwa nthawi yaitali, ngakhale usiku wonse. Izi zimathandiza kutsogoloku, chifukwa oyilo wotsalira m'kati amadonthera pomwe mukufuna kumata. Masulani mabawuti onse koma awiri muwasiye atagwira pang'ono kuti sampu isakugwereni kumaso. Idzakhala itamatirira ndithu. Lowetsani mpeni wopyapyala kapena seal cutter pakati pa zitsulo ziwirizo, muzigogoda cham'mbali ndi hamala mozungulira mpaka silikoni adukeduke. Sikuludiraiva ayi. Imapinda mlomo wa sampu ndipo imakanda aluminiyamu, ndiye mkwasa umenewo umasanduka njira ya oyilo.

Ntchito yeniyeni ndi kupala. Silikoni wakale achoke yense mbali zonse ziwiri, m'ngalande ya mlomo wa sampu ndi m'mabowo a mabawuti momwe. Ku aluminiyamu gwiritsani ntchito chopalira chapulasitiki chokha, bulashi yawaya ya pa drill imadya chitsulocho. Pukutani ndi brake cleaner mpaka nsanza izituluka yoyera. Musanamate yang'ananinso kumwambako, kadontho kamodzi ka oyilo kakatsikira pamlomo, silikoni sagwira pamalo amenewo.

Pakani silikoni pa sampu, mzere umodzi wosadukiza, wonenepa mamilimita 4 mpaka 5, wodutsa m'kati mwa mabowo a mabawuti osati kunja kwake. Musamufalitse ndi chala. Buku la Nissan limati sampu ikhale itamangidwa pasanathe mphindi 5 chipakireni, ndiye mabawuti akhale otsukidwa kale, ali pafupi. Kwezani sampu molunjika osaitsetsereza, gwirizani mabawuti onse ndi dzanja, kenako mangani modumphadumpha, uku ndi uko, kawiri: koyamba pang'ono, kachiwiri pafupifupi 9 Nm. Pulagi ndi washa yatsopano, 34 Nm.

Bukulo limalola kuthira oyilo pakapita mphindi 30. Injiniyi imamwa malita 4.7 mukasintha ndi fyuluta. Thirani 4.5, lizani injini, muone geji ya oil pressure pa mageji atatu aja a pakati pa dashboard ikwere m'masekondi ochepa, zimitsani, dikirani mphindi 10, muyeze n'kuonjezera.

MayiWaGaraji

Pa mphindi 30 zimenezo ndisiyana nanu pang'ono, bambo a ku Kanengo. Ndi za silikoni wa Nissan yemwe. Winayu werengani pa chubu, ambiri amafuna maola 24 kuti aume mpaka m'kati. Silikoni ameneyu amauma ndi chinyezi cha mumpweya, ndiye m'miyezi youma ngati September ndi October kuno amachedwerapo ngakhale kunja kukutentha. Mangani madzulo, oyilo muthire tsiku lotsatira.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuchuluka kwa silikoni. Anthu amaganiza kuti akapaka wambiri ndiye kuti sipadonthanso. Mukamanga mabawuti, silikoni amene mukumuona akufinyikira kunja, wofanana naye wafinyikiranso m'kati. Wam'katiyo pakapita nthawi amaduka ngati timphutsi, n'kukakakamira pa sefa ya paipi yomwe pampu imakokera oyilo. Sefa ikatsekeka oyilo safika mokwanira ku ma bearing, makamaka injini ikakwera ma rev, ndipo Z ndi galimoto yomwe eni ake amaiponda. Kudontha kwa sampu kumangodetsa pansi, koma sefa yotseka imapha injini.

Ndiye sampu ikatsika, unikani sefayo, muchotse chilichonse chili pamenepo. Yang'ananinso pansi pa sampu musanatsuke. Matope akuda pang'ono si vuto. Tizidutswa tapulasitiki tolimba ndi ta ma guide a timing chain. Kunyezimira kwa mtundu wa kopa kapena golide ndi ma bearing akudyeka, ndipo zikatero kumata sampu sikukhalanso nkhani yaikulu.

China ndi mahampu athu ndi maenje. Sampu ikagunda pansi imabwanyukira m'kati, mpata wa pakati pa sefa ndi pansi pa sampu n'kuchepa, pampu n'kumavutika kukoka. Mlomo nawo umapindika. Ikani sampu chozondoka pa galasi kapena muyeze ndi rula yachitsulo. Ngati mozungulira mabowo mwatukuka chifukwa wina anamanga mopyola, gogodani pang'onopang'ono pathabwa lolimba kuti muwongoke. Ikakhala yobwanyuka kwambiri kapena ili ndi dzimbiri loboola, gulani ina, silikoni sadzaza mpata waukulu.

Mabawuti aja ndi a M6 ndipo amalowa mu aluminiyamu. Ndi sipanala yaitali simumva n'komwe kuti mwapyola, mumangoona bawuti ikuzungulira osagwira. Pamenepo mankhwala ake ndi helicoil, kasipuling'i kolowetsa m'bowo kuti bawuti igwirenso. Mukasiya silikoni kapena oyilo pansi pa bowo, bawuti imalimba isanafike, torque wrench n'kulira pomwe sampu sinakanikizike.

Oyilo wakaleyo muike m'chigubu mukasiye kugaraji. Akathiridwa mu ngalande, mvula yoyamba imakamutaya mumtsinje wa Lingadzi kapena wa Lilongwe.

Z33_Area49

Zikomo kwambiri nonse. Ndatsuka n'kuwaza pawuda monga munanenera. Oil cooler ndi youma. Mzere wa sampu yachitsulo wanyowa pakona imodzi, komanso pali kunyowa pamwamba pake, pomwe aluminiyamu wakumana ndi chivundikiro cha timing chain, pansi pa pulley. Kodi pamenepo ndingapake silikoni kunja?

Makanika_Biwi

Kupaka kunja sikugwira, achimwene, oyilo amakankha kuchokera m'kati ndipo pamalopo ndi ponona kale. Komanso kona yanyowayo mwina ikungolandira oyilo wochokera pamwambapo, ndiye sampu yam'munsi musaitsitse kaye.

Pansi pa pulley pali zinthu ziwiri. Ngati kuseri kwa pulley kwanyowa ndipo oyilo wamwazikira pa lamba ndi mozungulira, ndi seal ya crankshaft. Imeneyo imasinthidwa pochotsa malamba ndi pulley, sampu osaikhudza. Ngati kuseri kwa pulley n'kouma koma kunyowa kukuyambira pa mzere wokhota pansi pake, ndi mphira wa sampu yam'mwamba. Mphira zimenezi zilipo ziwiri zokhota ngati uta, ina kutsogolo pansi pa chivundikiro cha chain, ina kumbuyo chakugiyabokosi, ndipo zimasinthidwa zonse pamodzi ndi ma O-ring a njira za oyilo omwe ali pakati pa sampuyo ndi injini. Kuti sampu yam'mwamba ituluke, injini imagwiridwa kumwamba ndi chokolekera, crossmember (chitsulo chopingasa chomwe injini imakhalapo) n'kutsitsidwa, sitata n'kuchotsedwa, ndipo mabawuti ena ali m'kati, amaoneka sampu yam'munsi ndi paipi ya sefa zikachoka. Iyi si ya pa masitandi pakhomo, ipititseni pamalo pomwe pali lift kapena dzenje.

Musanapite yesani PCV valve, yotulutsira mpweya wa m'kati mwa injini, yomwe ili pa valve cover. Ichotseni muigwedeze, izimveka kuti khetekhete. Ikatseka, mpweya umadzadzana m'kati mwa injini n'kumakankha oyilo pa seal iliyonse yofooka, ndipo mukamata osaisintha, kudontha kumangosamukira pena. Tsukaninso pansi pa pulley, mulize injini galimoto itaima kwa mphindi 10 kuti mphepo isamwaze oyilo, muunike kuseri kwa pulley ndi kagalasi, mutiuze pomwe payamba kunyowa.