Kodi maphunziro a uparalegal angampezetse ntchito mwana wanga?

Mayi wa ku Chilenje:
Moni nonse. Mwana wanga wamkazi anamaliza Giredi 12 chaka chatha ndipo mtima wake uli pa zamalamulo, koma ndalama zoti aphunzire zaka zinayi ku yunivesite ya UNZA, kenako n'kukalowanso ku ZIALE, sukulu ya omaliza digiri ya zamalamulo, kuti akhale loya, ine ndilibe. Wapeza yunivesite ina muno mu Lusaka imene ikuphunzitsa uparalegal, ntchito yothandiza anthu pa zamalamulo popanda kukhala loya. Ndikupempha odziwa mundiuze ngati pepala limeneli lili ndi ntchito, chifukwa fizi yake ndiichotsa pa mpamba wa kantemba kanga.

Paralegal wa ku Kanyama:
Amayi, ntchitoyi boma likuizindikira. Ndondomeko ya thandizo la zamalamulo ya 2018 inaika maparalegal m'magawo atatu, Level 3 poyambira ndipo Level 1 pamwamba, ndipo lamulo la Legal Aid la 2021 limafuna kuti tizilembetsa ku Legal Aid Board, bungwe la boma loyang'anira thandizo la zamalamulo. Choncho musanalipire ngakhale ngwee imodzi, pitani nokha mukafunse ngati maphunzirowo ndi ovomerezedwa ndi TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a luso la ntchito, komanso kuti ndi a gawo liti.

Koma funso limene ndimaliona kukhala lalikulu ndi lakuti ophunzira amawatumiza kuti kukaphunzira ntchito ndi manja. Sabata yanga yoyamba pa desiki lothandizira anthu pa zamalamulo kunabwera mayi wamasiye atanyamula mapepala a nyumba m'pulasitiki, achibale a mwamuna atatenga kale makiyi. Lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira osasiya wilo ndinkalidziwa pamtima: 50 peresenti ya ana, 20 ya mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 ya makolo, 10 ya ena amene ankadalira malemuyo. Koma ndinaliphunzira m'Chingerezi, ndipo nditayamba kulongosola m'chinenero chathu lilime linauma, mayiyo akungondiyang'ana misozi ili m'maso. Anandipulumutsa ndi mnzanga wachikulire, amene anatenga miyala khumi n'kuigawa patebulo, isanu, iwiri, iwiri ndi umodzi, kenako n'kuwafotokozera kuti administrator ndi wosamalira ndi kugawa chuma, osati mwini wake. Sukulu imene siika mwana pafupi ndi munthu wotere, kupolisi, kundende kapena kukhoti, ikumuphunzitsa theka chabe.

Loya wa mu tauni:
Ndikugwirizana ndi zimenezi, koma mtsikanayo adziwiretu malire. Paralegal saimirira munthu pamlandu m'khoti monga loya, ndipo kudzitcha loya usanavomerezedwe ndi mlandu. Mu ofesi yathu timafuna munthu wodziwa kulemba afidaviti (chikalata cholumbirira) yaukhondo, kusunga mafayilo, kukapereka mapepala ku registry (ofesi ya khoti yolandira mapepala a milandu) tsiku lisanapitirire, ndiponso kusunga chinsinsi cha kasitomala ngakhale kwa m'bale wake. Malipiro oyambira si ochuluka, ndipo ntchito zambiri za m'mabungwe zimatha thandizo la ndalama likatha. Ngati akufunabe uloya m'tsogolo, afunse ngati zimene aphunzirezo zidzawerengedwa akadzayamba digiri, ndipo yankho alilandire polemba.

Mayi wa ku Chilenje:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Za miyala ija zandikhudza, chifukwa mlongo wanga atamwalira ana ake anatsala ndi mphasa yokha. Lolemba tipita limodzi kuyunivesiteko, ndipo mafunso atatuwo ndawalemba kale kuseri kwa buku la ngongole.